Jekete la a Shawa

Ndinatuluka ku Chimbokaila mwezi wa Juni,
mphepo ikuluma ngati galu wosadziwa mwini,
m'thumba muli chipepala chonena kuti ndatsiriza.
Boma linati mlandu watha.
Koma ku Soweto, pa mzere wa salaula,
dzina langa linali likununkhabe
mabelo atatu amene ndinawadya.

Ndiye ndinagula kabuku.
Kumanzere ndinalemba zimene ndinaba,
kumanja zimene ndikubweza kwa Mulungu:
kusesa tchalitchi ku Chawama Loweruka lililonse,
kusala kudya masiku anayi,
ngakhale apo umphawi unathandizako,
kunyamula bokosi ku manda a Chingwere
la munthu amene sindinkamudziwa n'komwe.
Usiku, magetsi atapita,
ndinkawonkhetsa pa kandulo.
Kumanja sikunafikepo pamene panali kumanzere.
Bola wotunga madzi ndi dengu,
dengu lake limanyowako.

Anandipeza ndi iwo, sindinawafune ndine.
Ndinali kukankha wilibala ya makala
m'fumbi la msewu wa Lumumba,
nditawerama, ndikuwerenga miyala,
mpaka ndinaona nsapato zimene ndinkazidziwa.
A Shawa.
Mawu amene ndinakonza zaka ziwiri m'ndende
anathawa onse, anatsala atatu:
ndidzabweza, bambo, pang'onopang'ono.
Ndinatulutsa kabuku kuti aone okha.

Sanakayang'ane.
Anati: Zondani, mawa akulemba alonda ku Chinika.
Upita uli chonchi?
Kenako anavula jekete.
Osati la m'belo ayi, lawolawo,
lija amavala tsiku la Mgonero,
likadali lofunda ndi thupi lawo.

Ndinati, ndi zingati?
Anati, ulibe.
Ndinati, ndilembe m'kabuku.
Anati, tambasula manja, ndikuzizidwa ine.

Dzanja logwira kabuku linakana kulowa mu mkono.
Ndinayesa kawiri.
Ndinachita kukasiya pansi, pa makala,
ndipo dzanja lopanda kanthu linadutsa bwinobwino.
Ngati chikhulupiriro chili ndi tanthauzo lina,
ine ndikudziwa lokhali.

Iwo anapita kwawo ndi malaya okhaokha,
mphepo ija ikuwamenya kumsana.
Ndinadzamva pambuyo pake, kwa ena,
kuti ngongole ya mabelo ku Kamwala anailipira kale
atagulitsa makina osokera a akazi awo,
ine ndisanapepese, ndisanagule ndi kabuku komwe.

Ku Chinika wa pageti anandiyang'ana kamodzi.
Lowani, achikulire.
Kunsi kwa jekete kunali malaya omwe aja,
ong'ambika kukhwapa, onunkha makala,
ndipo ine ndinali Zondani yemwe uja.
Koma m'kati mwa khosi, ndi ulusi wofiira,
munasokedwa dzina losakhala langa,
ndipo ndinalowa nalo.

A Nkhuwa, mkulu wa mpingo, nkhaniyi saikonda.
Akuti, ndiye tonse tiziba, poti majekete alipo?
Akuti mwana akalandira zaulere amazolowera.
Mwina akunena zoona za ena, kaya.
Mawu aakuluwo, kulungamitsidwa ndi anzake,
amanditsamwa pakhosi ngati chinangwa chouma.
Chimene ndaona n'chakuti mvula ikagwa,
Kanyama atasanduka dambo,
ndimazungulira matope, ine amene ndinkagonamo.
Palibe amene wandiuza.
Ndimangokumbuka chimene ndavala.

Tchalitchi ndimasesabe,
kungoti sindilembanso.
Mwezi watha ndinawagulira a Shawa thumba la ufa,
iwo n'kulandira ngati mphatso, osati ngati malipiro,
ndipo tonse awiri tinadziwa kusiyana kwake.
Masiku ena dzanja limayabwabe
ndikaona ndalama ya munthu ili poyera.
Ndimalilowetsa m'thumba la jekete
mpaka lizizire.

Kabuku kaja Dailesi anayatsira mbaula.
Iyeyo akuti mikono yatalika,
ikubisa zala, ndikuoneka ngati mwana wovala za atate ake,
tipite kwa telala wa pa Kuku akaidule.
Ndakana.
Ndamuuza ayambe waisiya,
mwina ndikukula.